Kodi zoona asayansi akuweta udzudzu dala?

Funso: Akulu, ndamva pa wailesi zoti kunjaku akuweta udzudzu nkumaumwaza m'makomo mwa anthu, ati uli ndi mabakiteriya oletsa matenda. Ife malungo atisautsa chonchi wina nkumaweta udzudzu? Zoona zimenezi kapena nzongocheza? Ndine wowerenga wanu, Nkhotakota.

Yankho: Achimwene, nzoonadi, koma musafulumire kusangalala, zomwe munamvazo si za malungo ayi. Ndi za matenda a dengue omwe amafala ndi udzudzu wina wa mizeremizere uja umaluma masana, Aedes aegypti. Pali bakiteriya wotchedwa Wolbachia yemwe amapezeka kale mu tizilombo touluka tambiri, ndiye anamutenga ku kantchentche ka pa zipatso nkumuika mu udzudzuwu, akakhalamo vairasi yoyambitsa dengue imalephera kuswana bwino, udzudzu ukuluma ndithu koma matenda osakupatsira kwenikweni. Chokoma nchakuti waukazi amapatsira ana ake kudzera m'mazira, ndiye sikuti chaka ndi chaka muzikamwaza wina. Anayambira ku Cairns, Australia mu 2011. Ku Yogyakarta, Indonesia, zotsatira za 2021 zinaonetsa dengue itatsika ndi 77 peresenti m'madera omwe anamwazamo.

Koma Wolbachia ameneyu sanamusinthe majini (ma gene, tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa cha chamoyo), anangomusamutsa. Osintha majini aja ndi nkhani ina. Mu 2017 asayansi a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America ndi anzawo a ku China anatenga bakiteriya wina, Serratia, wokhala m'matumbo mwa Anopheles, udzudzu wathu wa malungowu, nkumupanga kuti azitulutsa zinthu zolepheretsa kachilombo ka malungo kukula. Nzeru yake ndi yapamwamba heavy, kachilomboka kakalowa ndi magazi kamayamba kakhala kaye m'mimba mwa udzudzu ndipo pamenepo kamakhala kochepa, ndiye amakadikirira pomwepo. Mu labu zinatheka. Kumwaza kunja ndiye pali mawu, chifukwa bakiteriya ukamutaya kutchire sungamuitanenso kuti bwerera, akalowa mu tizilombo tina osayembekezera mutani? Ine pamenepa sindiwada akamachedwa.

Poti muli ku Nkhotakota, kashembe mukumudziwa bwino, uja wa matenda a kaodzera. Nayenso ali ndi bakiteriya wake m'thupi, Sodalis, ndipo akumuyesa chimodzimodzi, koma zikadali mu labu.

Ndiye neti ija musaichotse kukatchingira dimba, gonanimo, mwana akatentha thupi thamangani naye kuchipatala akamuyeze tsiku lomwelo.