Chifukwa chake yankho ndi −45 osati −21

Wophunzira wina wa Fomu 3 wanditumizira imelo modandaula. Akuti anapatsidwa polynomial (samu ya magawo angapo okhala ndi x) iyi, p(x) = 2x³ − 3x² + 5x − 7, kuti apeze yankho lake pamene x ali −2, ndipo iye anapeza −21 pomwe aphunzitsi analemba −45 pabolodi. Akufunsa ngati kakyuleta yake ya Casio yawonongeka.

Kakyuleta yanu ili bwinobwino, ndipo aphunzitsi sanalakwitse. Ndawerengera ndekha samuyi ndipo ndaona kuti munaterereka pa gawo lachiwiri, la −3x². Zikuoneka kuti munadina −2² popanda mabulaketi, ndipo malinga ndi dongosolo la BODMAS limene timaphunzira kusukulu, pawa (kanambala kapamwamba, monga ² mu x²) imayamba kuwerengedwa chizindikiro chochotsera chisanakhudzidwe. Choncho makinawo anachulukitsa 2 ndi 2, anapeza 4, kenako anaika mainasi kutsogolo, n'kukupatsani −4. Mutachulukitsa −4 ndi −3 munapeza 12, ndipo −16 + 12 − 10 − 7 ndiye −21 wanu uja.

Komatu x si 2 wokhala ndi mainasi pambali. X ndi −2 yense, pamodzi ndi chizindikiro chake. Pachifukwa chimenechi, musanawerengere chilichonse, lembani samu yonse mwatsopano ndipo paliponse pamene panali x ikani nambalayo m'mabulaketi, motere: 2(−2)³ − 3(−2)² + 5(−2) − 7. Yambani ndi mapawa, ndipo mupeza kuti (−2)³ ndi −8 pomwe (−2)² ndi 4. Kenako chulukitsani, mupeze −16, −12 ndi −10, ndipo pomaliza phatikizani ndi kuchotsera kuchokera kumanzere kupita kumanja, zomwe zikufikitsani pa −45.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti cholakwa chimenechi chimabisala. Pa gawo loyamba, −2³ ndi (−2)³ zonse zimapereka −8, kotero wophunzira amaganiza kuti mabulaketi alibe ntchito, mpaka pawa ya 2 kapena ya 4 idzamugwetse pa mayeso. Dziwaninso kuti makina sagwirizana onse pa nkhaniyi: mukalemba =-2^2 (ndiye kuti −2²) mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel mupeza 4, pomwe Casio yanu ikupereka −4. Ine sindikhulupirira makina alionse mpaka nditaika ndekha mabulaketi.

Pali njira ina yotsimikizira yankho imene ndimaikonda kwambiri, yotchedwa ndi dzina la William George Horner amene anaifalitsa mu 1819, ngakhale kuti Qin Jiushao wa ku China anali ataifotokoza kale mu 1247. Tengani nambala zakutsogolo zokha: 2, −3, 5 ndi −7. Chulukitsani 2 ndi −2 n'kuphatikiza −3, mupeze −7. Chulukitsani −7 ndi −2 n'kuphatikiza 5, mupeze 19. Chulukitsani 19 ndi −2 n'kuphatikiza −7, ndipo mwafikanso pa −45 osakhudza pawa iliyonse.