Mazira a kunsi kwa tsamba: musathamangire mpope

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera pa imelo kufunsa kuti timazira tachikasu timene wapeza kunsi kwa masamba a mpiru m'dimba mwake ndi ta chilombo chanji, komanso kuti apopere mankhwala ati. Mayi, funso lachiwirilo ndilo landikhudza, chifukwa ine ndinaliyankha molakwika m'dimba langa lomwe, ndipo ndinataya mabedi atatu a repu.

Zinachitika mu 2018, tonse tikadali ndi mantha a mbozi yachilendo ija ya fall armyworm, imene inachokera ku America n'kuoneka mu Africa muno koyamba mu 2016. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi, choncho aliyense wolima m'mbali mwa Shire ankati akaona kanthu pa tsamba, mtima unkangoti phwii. M'mawa wina, ndikuthirira dzuwa lisanakwere, ndinatembenuza tsamba la repu n'kupeza timazira tachikasu pafupifupi makumi awiri, tosongoka ngati timbewu ta mpunga, titaimirira pamodzi. Pambali pake panali nsabwe za m'masamba, koma sindinaganize kuti zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Ndinapita kumsika, wogulitsa wina anandithirira mankhwala m'botolo lopanda chizindikiro, ndipo madzulo omwewo ndinapopera dimba lonse.

Patapita milungu iwiri, masamba anali atakwinyika ndi nsabwe, zochuluka kuposa poyamba. Mlangizi wa zaulimi ataona chithunzi chimene ndinajambula pa foni, anandiuza mwaulemu kuti ndinapha alonda anga. Mazirawo anali a kachikumbu kofiira ka madontho akuda kaja, kamene kamaikira dala pafupi ndi nsabwe kuti ana ake akaswa apeze chakudya pomwepo. Mankhwala anapha tizikumbuto, koma nsabwe zimene zinapulumuka zinaswana mofulumira, pakuti izo zimabereka ana amoyo popanda kudikira mazira, ndipo kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire kumazifulumizitsa kwambiri.

Kuyambira pamenepo maganizo anga anauma. Wogulitsa mankhwala amene safunsa n'komwe kuti mwaona chiyani pa tsamba sakuthandizani, akungofuna ndalama yanu, ndipo botolo lopanda chizindikiro siliyenera kuyandikira ndiwo zimene ana adye mawa. Ena amati ndimakokomeza, koma ife alimi a m'madimba tazolowera kuona chilichonse choyenda pa mbewu ngati mdani, pamene zambiri mwa izo zimatigwirira ntchito popanda malipiro. Ngakhale madzi a masamba a nimu, mtengo umene uli paliponse kuyambira ku Nchalo mpaka ku Nsanje, sindiwathira ndisanadziwe chimene ndikulimbana nacho.

Kusiyanitsa mazira

Mazira a fall armyworm saimirira ngati aja ndinapeza pa repu. Gulugufe wake wa usiku amaikira mulu wa mazira 100 kapena 200, kawirikawiri pa chimanga kapena mapira, n'kuwaphimba ndi ubweya wotuwa wooneka ngati nkhungu, ndipo kukatentha amaswa m'masiku awiri kapena atatu. Amenewo aphwanyeni ndi chala pomwepo. Dzira loyera, lobulungira, lokhala lokhalokha pa thonje, nandolo kapena tomato nthawi zambiri limakhala la mbozi yoboola zipatso. Mukaona timazira tolendewera pa kaulusi kopyapyala ngati tsitsi, tisiyeni, chifukwa tizilombo totuluka m'timazirato natonso timadya nsabwe. Chosokoneza n'chakuti pali chikumbu china chofanana ndi chija chothandiza, chimene chimadya masamba a maungu, ndipo mazira ake nawo ndi achikasu.

Tsono, Mayi, yang'anani kaye ngati pafupi ndi mazirawo pali nsabwe. Ngati zilipo, mwina muli ndi alonda amene ine ndinapha. Kuti mutsimikize, thyolani tsamba limodzi, muliike m'botolo loyera, mutseke kukamwa kwake ndi kansalu, ndipo mulisunge pamthunzi masiku atatu kapena asanu. Mukatuluka tinthu takuda ta miyendo isanu ndi umodzi toyenda mothamanga, titengereni pa mpiru pomwe pali nsabwe. Mukatuluka timbozi toyamba kudya tsambalo, pitani nalo botololo kwa mlangizi wa dera lanu musanagule mankhwala alionse.