Kusamutsa mowa wa hops ndi zipatso popanda paipi kutsekeka

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi malita 20 a mowa m'ndowa yofululira, munathiramo ma hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) a pellet, oumbidwa ngati timibulu, okwana magalamu 150 osawaika m'thumba, kenako mapichesi ophwanya makilogalamu awiri. Mwatinso ulendo wathawu saifoni, paipi yokokera mowa kuchoka m'ndowa, inatsekeka kanayi konse ndowa isanafike ndi pakati pomwe, ndiye mukufunsa sefa yoti mugule. Ine ndikuti sefayo iyambe yadikira. Vuto silili kukamwa kwa paipi ayi, koma mukusamutsa mowa zinyenyeswa zikadali zoyandama, zisanadikhe.

Yambani mwatsimikiza kuti mowawo wasiyadi kuwira. Zipatso zimabwera ndi shuga wake, yisiti imene inagona n'kudzukanso. Nawonso ma hops ali ndi ma enzyme amene amaphwanya shuga wina yemwe yisiti inalephera kudya poyamba, ndiye mowa womwe mumati watha umayambiranso kuwira mwakachetechete. Tithovu ta mpweya timamatirira pa zinyenyeswa n'kumazikweza, zikafika pamwamba zimatsika, zina n'kukwera. Zili choncho simungapeze mowa woyera ngakhale mutasamala bwanji. Musakhulupirire airlock, kachipangizo ka madzi ka pa chivundikiro kotulutsira mpweya. Yezani ndi hydrometer, chipangizo choonetsa shuga wotsala mu mowa, ndipo nambala ikhale yomweyo masiku atatu otsatizana. Mukathira zipatso, nthawi zambiri pamafunika sabata yathunthu kapena masiku 10. Izi zimatetezanso mabotolo anu, pakuti shuga wa zipatso akamalizikira m'botolo lotseka, botolo limatha kuphulika.

Mowa ukasiya kuwira, uziziritseni. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ikani ndowa yonseyo m'firiji pa madigiri 1 mpaka 3 kwa maola 48, ndipo poti muli zipatso ine ndingafikitse maola 72. Ngati ndowa yanu ndi yoonekera mkati, kasuzumireni tsiku lachiwiri. Mudzaona pansi pali mzere woyererako wa yisiti, pamwamba pake nsenga zobiriwira za hops zitagwirana nganganga, ndipo mowa umene unali ngati madzi a chithaphwi ukuyamba kulowa kuwala kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. Nsenga zozizira sizivunduka msanga, mungagunde ndowa pang'ono koma zimangogwedera n'kukhalanso. Ngati firiji yokwana ndowa mulibe, beseni lalikulu la madzi ndi mabotolo a madzi oundana omwe mukusintha m'mawa ndi madzulo limathandiza ndithu, kungoti muwonjezerepo tsiku.

Pali kamodzi koti musamale. Mpweya wa m'ndowa ukazizira umachepa, ndiye ndowa imakoka madzi a mu airlock pamodzi ndi mpweya wakunja. Ngati muli ndi silinda ya CO2, mpweya umene umathethetsa mowa, ilumikizeni ku ndowa pa mphamvu yochepa kwambiri, kapena dzazani baluni ndi mpweyawo n'kuimangirira pomwe pamakhala airlock kuti ndowa izikoka umenewo. Ngati mulibe, chotsani airlock n'kuphimba bowolo ndi foil yopopera mankhwala ophera tizilombo. Mpweya pang'ono ulowabe, koma madzi akuda sagweramo.

Jelatini, ufa wothandiza zinyenyeswa kudikha, ndimagwiritsa ntchito ndikafuna mowa woyera mbee. Supuni yaing'ono imodzi imakwanira malita 20. Isungunuleni m'madzi okwana mamililita 150 otentha pafupifupi madigiri 65, osawiritsa, n'kuthira mu mowa umene wazizira kale, kenako dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Imachokera ku nyama, ndiye amene sadya zanyama muziwauza. Ngati mukufuna mowa wa mbuu uja wa hops wambiri, isiyeni, kuzizira kokha kukwanira.

Tsopano tsiku losamutsa. Musanyamule ndowa kuchoka m'firiji n'kuyamba pompo. Ikwezeni pa tebulo mwaulemu, muisiye ola limodzi kuti zomwe zavunduka zibwerere pansi. Mukatsegula mupeza mowa uli m'magawo atatu: tizidutswa ta mapichesi tina tikuyandamabe pamwamba, nsenga zili pansi, ndipo mowa wabwino uli pakati. Kamwa ya saifoni ipite pakatipo. Ambiri amangoiponya mpaka pansi n'kupita kukatsuka mabotolo, ndiye kutsekeka kwake n'kumeneko. Igwireni ndi dzanja kapena ipanikizeni pa mlomo wa ndowa ndi chopanira, muziitsitsa pang'onopang'ono motsatira mowa, maso ali pa paipi. Mowa ukatsala pang'ono, pendeketsani ndowa mwapang'onopang'ono n'kuikira thabwa kunsi. Mukangoona kamtambo kobiriwira kakukwera m'paipi, pindani paipiyo, basi mwamaliza.

Ndikudziwa kuti zimawawa kuona lita imodzi ndi theka kapena malita awiri atatsala m'ndowa. Koma kuthamangira malita awiri amenewo ndi kumene kumawononga 18 enawo. Zinandichitikirapo ndi mowa wa rasipiberi. Timbewu take tinakakamira pa kavavu ka saifoni, ine n'kumangopopa mobwerezabwereza, thovu lili tho m'paipi monse. Tsiku limenelo mowa unali wofiira mokongola, fungo lake lodzaza nyumba. Patatha masabata atatu nditatsegula botolo, unali wofiirira ngati dzimbiri, ukununkha ngati katoni yonyowa. Unali okosijeni amene ndinapoperamo ndi manja anga. Mowa wa hops wambiri ngati wanuwu ndi umenenso umawonongeka msanga ndi okosijeni kuposa wina uliwonse. Kuyambira pamenepo mowa wa zipatso ndimafulula malita 22 kapena 23, kuti otsalawo asandipweteke mtima.

Za sefa ija tsopano. Kathumba ka nayiloni ka mabowo ang'onoang'ono kovekera kukamwa kwa saifoni kamagwira ntchito, bola musakamange kothina. Kakathina, mowa wonse umadutsa pa kamalo kangati ndalama yachitsulo, ndipo hops amakamata m'mphindi imodzi. Kasiyeni kotakasuka ngati sokosi yaikulu, mumange m'mwamba ndi ulusi, kuti mowa uzilowera mbali zonse. Ena amaikamo chokwechera mapoto cha chitsulo chosachita dzimbiri kuti kathumbako kasafwaphe, ndipo ndi nzeru yabwino, koma chikhale chatsopano, chopanda sopo. Zonsezi ziwiritseni mphindi 10 kapena zinyikeni mu Star San, mankhwala ophera tizilombo. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kuika sefa kotulukira mowa, kapena kukhuthula mowa kudzera pa sefa ya kukhitchini. Zinyenyeswa muzigwiradi, koma mowa udzakhala utamwa mpweya wokwanira kuupha. Mapeto a paipi azikhala pansi penipeni pa chotengera chatsopano, mowa uzikwera mwakachetechete osachita thovu.

Paipi ya theka la inchi siitsekeka msanga ngati ya 3/8, kungoti imakoka mwamphamvu, ndiye musaiyandikize ku nsenga. Ngati mukuika m'mabotolo, musalumikize kandodo kodzazira mabotolo ku ndowa yofululira. Kavavu kake n'kakang'ono, kachidutswa kamodzi ka hops kamakatseka kapena kukasiya kotsegula mowa n'kumatayikira pansi. Samutsirani kaye m'ndowa ina yoyera momwe mwathiramo kale shuga wanu wosungunula, wa muyeso wopatsa mowa mpweya wothethetsa m'botolo. Ngati mukuika mu keg, mgolo wachitsulo wosungira mowa, malo ovuta ndi kavavu ka potulukira mowa. Paipi yoyandama, ija imakoka mowa kuchokera pamwamba, imathetsa vutoli, ndipo pa zonse zomwe mungagule, imeneyi ndi imene ndingakulimbikitseni.

Saifoni ikatsekekabe muli pakati, musapope ndipo musauzire ndi pakamwa. Pindani paipi kuti mowa usabwerere, kwezani kamwa ya saifoni pang'ono, muigwedeze mofatsa, nthawi zambiri chotsekacho chimagwa chokha. Zikakanika, itulutseni, muitsuke, muinyikenso m'mankhwala n'kuyambiranso kamodzi kokha.

Ulendo wamawa vutoli mulithetse musanathire n'komwe. Ma hops aikeni m'thumba lalikulu, losadzaza kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa ma pellet amafufuma kwambiri akanyowa, ndipo muikemo masupuni awiri a chitsulo chosachita dzimbiri kuti thumbalo limire. Kunena zoona, hops wa m'thumba fungo lake limacheperako poyerekeza ndi womwazika, n'chifukwa chake ine ndimaonjezerako pang'ono. Zipatso muzizidula, muziumitse mufiriza, zisungunuke, kenako m'thumba lakelake. Kuundana kumaswa minofu ya chipatso, madzi ake n'kutuluka osafunika kuchipera. Mapichesi ali ndi pectin, amene amapangitsa nsenga kukhala zonanda, zomata sefa ngati guluu. Pectic enzyme pang'ono, monga mwa muyeso wolembedwa pa paketi, wosakaniza ndi zipatsozo maola angapo musanazithire, amadula kunandako. Potulutsa thumba musalifinye, lilekeni lidonthe lokha.

Otsala m'ndowa aja musawataye onse. Akhuthulireni mu jagi yoyera, muphimbe, agone m'firiji usiku umodzi. M'mawa mupeza nsenga zakhala pansi, pamwamba pali tambula imodzi kapena awiri a mowa woyera. Ulibe mpweya wothethetsa, koma mulawa mapichesi anu pomwe enawo akukhwima m'mabotolo.