Anandilanda miphika nthawi ya mliri, kodi ndingaipezenso?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati munachokera ku Mandimba m'dziko la Mozambique, munalowera pa chipata cha Chiponde, ndipo mwakhala mukugulitsa nsima ndi usipa wokazinga pafupi ndi depoti ku Mangochi. Kolera itavuta, kunabwera anthu onena kuti ndi a zaumoyo, nakulandani miphika iwiri, mbaula ndi ndowa, osasiya ngakhale kapepala.

Kuletsa malonda a zakudya zophikaphika nthawi ya mliri lamulo la zaumoyo limalola, pamenepo sindingakunamizeni. Koma mphamvuyo ili ndi malire. Mu April 2020 boma litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, khoti lalikulu linaimitsa ganizolo, anthu atadandaula kuti odya za tsiku lomwelo sanaganiziridwe.

Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko limati munthu asalandidwe katundu mwachisawawa, ndipo gawo 43 limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa molemba. Mawu ake ndi akuti “munthu aliyense”, sakunena za nzika zokha ayi. Nsima yophikaphika akhoza kuitaya ponena za ukhondo, koma mphika wopanda kanthu walakwanji?

Lembani kalata kwa mkulu wa ofesi imene anthuwo anachokera. Tchulani tsiku, malo ndi katundu yense, mupemphe zifukwa ndiponso kuti akubwezereni. Kope lanu alidinde. Matikiti a msika aja, ngakhale othimbirira mafuta, asungeni, ndi umboni. Mnzanu wogulitsa pambali panu akhale mboni. Mkulu wa ofesi uja akapanda kuyankha, pitani kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi yothandiza osauka pa nkhani za malamulo. Musazengereze: kupempha khoti lalikulu kuti liunike ganizo la ofesi ya boma kumafunika pasanathe miyezi itatu.

Chondidetsa nkhawa ndi china, chimene simunachitchule: mapepala anu okhalira m'dziko muno. Tikiti ya msika si chilolezo cha a Immigration, ndipo wolowa ngati mlendo wongocheza saloledwa kuchita bizinesi. Munthu akhoza kufika pa ofesi kukadandaula za mphika, nkhani n'kutembenukira pa iye mwini. Choncho yambani mwaonetsa mapepalawo kwa loya musanapereke kalata ija. Zikachitika kuti mwamangidwa, gawo 42 limati akuuzeni chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumamva, kaya ndi Chiyao, ndipo akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48.