Kodi ndiwagulire vape amuna anga kuti asiye ndudu?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti amuna awo ayamba kutsokomola usiku wonse, ndiye akufunsa ngati angawagulire vape, kachipangizo kosutira koyendera batire, kuti asiye ndudu. Mayi, mwafunsa munthu woyenera, chifukwa inenso ndinali wa ndudu wotheratu.

Fodya ndinamudziwira kwa malume anga amene ankanyamula mabelo ku okushoni ya ku Limbe. Iwo ankasuta chingambwe, chokulunga m'kapepala ka nyuzi, ndipo munthu akawanena ankangoyankha kuti fodya yemweyu ndi amene akukulipirirani fizi. Sankanama. Dziko lino lakhala likudalira fodya wa burley pa ndalama zakunja, n'chifukwa chake tinachita kufika mu 2023 kuti tilowe nawo m'pangano la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta, anzathu ambiri atalowa kalekale. M'banja ngati lathu, kunyoza fodya kunali kunyoza nsima ya pa mbale. Malumewo anamwalira ndi chifuwa chosamva mankhwala, koma pamaliro palibe amene anatchula chingambwe.

Ine ndinasiya chifukwa cha mwana wanga wamkazi amene ankakana kuti ndimunyamule, ati ndikununkha. Zinandipweteka kuposa mawu a dokotala aliyense. Koma chibaba si masewera, mayi. Ukangomaliza kudya nsima, dzanja limapita lokha m'thumba la malaya. Nthawi imeneyo mnzanga wina anabwera ndi vape kuchokera ku Joni, tikumalandirana ngati chinthu chodabwitsa, koma iyeyo mpaka lero amasuta zonse ziwiri: vape akakhala pakati pa anthu, ndudu akakhala kuseri kwa nyumba.

Kamvereni pa bawo ku Ndirande zomwe osuta enieni amanena. Ena amati n'choseweretsa cha ana a mabwana. Ena amati mwamuna wamkulu sangamatulutse utsi wonunkhira maswiti. Koma nkhani yaikulu ndi ndalama. Ndudu amagula imodziimodzi pa benchi ndi chenji cha minibasi, pamene vape imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, kenako madzi ake, kenako kutchaja. Nanga magetsi akazima tsiku lonse, chibaba chidikira?

Chipangizochi anachikonza ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, mu 2003. Nayenso anali wosuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Nzeru yake inali yakuti chimene chimakola munthu ndi nicotine, mankhwala a m'fodya obweretsa chibaba, koma chimene chimawononga kwambiri ndi utsi wa fodya woyaka, womwe uli ndi phula ndi mpweya woipa wa carbon monoxide. Vape siyatsa fodya, imangotenthetsa madzi okhala ndi nicotine. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la ku England lotchedwa Public Health England linanena kuti kuopsa kwa vape n'kochepa ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu. Akatswiri ena anachitsutsa chiwerengerocho, ndipo WHO imachenjezabe kuti vape si yabwino m'thupi. Zonse ziwiri n'zotheka: n'choipa, koma sichifika pa ndudu.

Chomwe chimandikwiyitsa ine ndi china. Pitani cha ku Ginnery Corner madzulo muone amene akufuka utsi wa mango ndi minti. Si madala otsokomola ayi. Ndi anyamata ndi atsikana a ku koleji amene ndudu sanaikhudzepo, ena akadali a yunifolomu. Chinthu chimene chinapangidwira kuwombola osuta chikukola ana amene analibe vuto. Ku UK analetsa mavape ogwiritsa ntchito n'kutaya kuyambira mu June 2025, ku India anawaletseratu onse mu 2019. Kuno aliyense woitanitsa katundu pa WhatsApp akhoza kukugulitsa kabotolo kosadziwika kochokera, ndipo sakufunsa zaka. Amenewo ine sindiwaona ngati a bizinesi, ndimawaona ngati otchera misampha.

Tsono mayi, muchite chiyani?

Musawagulire mobisa ngati mphatso, chidzangokhala m'dirowa. Afunseni kaye ngati iwowo akufuna kusiya. Chifuwa cha usikucho apite nacho kuchipatala sabata ino, akayezetse TB, musadikire za vape. Ku famase funsaninso za chingamu kapena timapepala ta nicotine tomata pakhungu. Akasankha vape, ikhale yolowa m'malo mwa ndudu zonse, osati yowonjezera, ndipo kabotolo ka madzi ake kazikhala kutali ndi ana chifukwa ndi poizoni mwana akamwa.