Mafunso Anu: Tchuthi cha Khirisimasi pa Boti la Matanga ku Caribbean

FUNSO: Ndimakhala ku Manchester pamodzi ndi mkazi wanga ndi ana athu awiri, ndipo chisanu cha kuno chatitopetsa. Chaka chino tikufuna kuti tchuthi cha Khirisimasi tikachithere pa boti la matanga, tikuzungulira zilumba za British Virgin Islands. Ndinakulira ku Nkhotakota ndipo bwato ndinayamba kupalasa ndili mwana. Kodi ndingachite hayala boti n'kumaliyendetsa ndekha?
Bambo wa ana awiri, Manchester

YANKHO: Zikomo bambo, malo mwasankha bwino ndipo nyengo yake ndi yoyeneradi. Kudera limenelo anamondwe amayembekezeka kuyambira pa 1 June mpaka pa 30 November, monga uja wa Irma amene anasakaza zilumbazi mu September 2017, choncho pofika December nyengo yoopsayo imakhala itadutsa. Zilumbazo zinayandikana kwambiri moti pochoka pa china, chinzake chimakhala chikuoneka, ndipo mpata wa Sir Francis Drake Channel, womwe uli pakati pa Tortola, chilumba chachikulu pa zonsezi, ndi tizilumba ta kummwera kwake, ndi wotetezeka ku mafunde akuluakulu a nyanja ya Atlantic.

Komabe pa funso lanu lenilenilo, ndikukupemphani kuti ulendo woyambawu musayendetse nokha. Luso la kunyanja kwathu sindikulipeputsa, chifukwa munthu amene anakumanapo ndi mwera pakati pa madzi amadziwa kuwerenga mitambo ndi kulemekeza mphepo kuposa alendo ambiri amene amafika ku Tortola. Koma boti lotalika mamita 12, lolemera matani angapo, lokhala ndi matanga awiri, injini, nangula wa tcheni ndi wailesi yolankhulirana, limafuna manja ozolowera ntchito imeneyo. Kumapeto kwa December ndi mu January kumaomba mphepo yomwe anthu a kumeneko amaitcha ya Khirisimasi, imene imatha kufika liwiro la makilomita 40 pa ola kapena kuposerapo kwa masiku angapo osaleka. Pamenepo woyendetsa ayenera kudziwa kuchepetsa thanga mphepo isanakule, ndi kukoleka boti pa boya (choyandama chomangirirapo boti) pakati pa maboti ena ambiri popanda kuwagunda. Makampani obwereketsa maboti amafunsanso mbiri yolembedwa ya maulendo amene munayendetsapo boti lofanana kukula kwake, ndipo akaona kuti ndi yochepa, amakuikirani okha kaputeni. Ndi bwino kumupempha nokha pachiyambi, kenako muzigwira naye chiwongolero tsiku lililonse kuti muphunzire. Mukabwerera ku Britain mutha kuchita maphunziro a Day Skipper a bungwe la Royal Yachting Association, kuti chaka chinacho mudzayendetse banja lanu ndi mtima wokhazikika.

Chifukwa cha ana, sankhani boti la mtundu wa catamaran, lomwe lili ngati mabwato awiri olumikizidwa pamodzi. Silipendekeka kwambiri likamayenda, ndipo nseru ya panyanja imachepako, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwerapo. Onetsetsani kuti muli majekete oyandamitsa a msinkhu wa anawo, ndipo muwaphunzitse kusamala madzi akumwa ndi osamba, popeza thanki ya m'boti imatha msanga.

Sabata imodzi imakwanira kuona zambiri popanda kuthamanga. Ku chilumba cha Virgin Gorda kuli malo otchedwa The Baths, komwe miyala ikuluikulu inasanjikizana m'mphepete mwa nyanja n'kupanga mapanga ndi maiwe a madzi oyera, koma m'miyezi imeneyi mafunde ochokera kumpoto nthawi zina amaletsa anthu kutsikirapo, ndipo kaputeni akanena kuti lero ayi, mumumvere. Pafupi ndi Salt Island pali mabwinja a sitima ya RMS Rhone, imene inamira ndi namondwe mu 1867, ndipo mbali ina ya sitimayo imaoneka kwa wosambira pamwamba pa madzi atavala magalasi. Chilumba cha Anegada chokha ndicho chili patali, ndi chathyathyathya moti sichioneka msanga, ndiponso chinazunguliridwa ndi matanthwe a pansi pa madzi amene anaswa sitima zambiri, choncho kumeneko musapite popanda wodziwa njira. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko madzulo ndipo makampani salola kuyenda usiku, motero muzifika pogona pakali masana, maboya asanathe.

Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndiyo nthawi yodula kwambiri pa chaka chonse, ndipo maboti amagwiriridwa miyezi yambiri nthawiyo isanakwane, choncho yambani kufunsa tsopano. Ndalama yogwiritsa ntchito kumeneko ndi dola ya America. Pokonza za ndege, dziwani kuti anthu ambiri ochokera ku Britain amadzera ku Antigua, ndipo mukasankha kudzera ku Miami kapena ku San Juan, mzinda wa ku Puerto Rico komwe kuli pansi pa ulamuliro wa America, mudzafunika chilolezo cholowera m'dziko la America ngakhale mukungosintha ndege. Musanalipire kalikonse, fufuzani malamulo a viza a British Virgin Islands molingana ndi pasipoti ya aliyense m'banja mwanu, chifukwa chilolezo chokhalira ku Britain si chimodzimodzi ndi chololeza kulowa pa zilumbazi.