Mtengo wa nthudza wochita maluwa koma osabala: yankho kwa bambo a ku Chipoka

Bambo wina wa ku Chipoka, m'boma la Salima, wanditumizira funso pa imelo. Akuti anafesa njere za nthudza kuseri kwa nyumba, mtengo wakula bwino ndipo chaka chilichonse umachita maluwa ambiri, koma sunabalepo chipatso ngakhale chimodzi. Akufunsa ngati audule kapena authire feteleza.

Bambo, nkhwangwa ibwezereni pamalo pake, ndipo ndalama ya feteleza musaiwononge. Mtengo wa nthudza, umene akatswiri a zomera amautcha Flacourtia indica, kawirikawiri umakhala waumuna paokha ndi waukazi paokha, monga momwe zimakhalira ndi mapapaya. Munthu akafesa njere sangadziwe chimene wadzala kufikira mtengowo utachita maluwa, ndipo malinga ndi zimene mwalongosola, ndikuganiza kuti wanuwo ndi waumuna.

Kuti mutsimikize, dikirani nyengo yotentha mvula ikamayandikira, muthyole kanthambi ka maluwa n'kukayang'anitsitsa pafupi. Maluwa a nthudza ndi aang'ono kwambiri, obiriwira mopita kuchikasu. Duwa lalimuna ndi kamtolo ka timaulusi tambirimbiri, tokhala ndi mungu kunsonga umene umatsalira pachala mukalikhudza. Duwa lalikazi lilibe timaulusi totere, koma pakati pake pali kampira kobiriwira kokhala ndi tinyanga tifupitifupi totambasuka pamwamba, ndipo kampirako ndiye kamadzasanduka chipatso. Mukapeza kuti wanu ndi waukazi, ndiye kuti vuto ndi kusowa kwa mtengo waumuna pafupi woti njuchi zitengeko mungu, makamaka m'madera amene tchire linatha ndi makala.

Ngati ndi waumuna, ukusowa mnzake waukazi, ndipo musafesenso njere chifukwa mudzakhala mukungoyesanso mwayi. Funani mtengo umene anthu a m'mudzi amaudziwa kuti umabala zipatso zotsekemera. Nthudza imatulutsa mphukira kuchokera ku mizu, ndipo mphukira yotere imatengera kholo lake pa chilichonse. Dulani muzu umene ukulumikiza mphukirayo ndi kholo, muisiye pomwepo kwa masabata angapo kuti ikhale ndi mizu yakeyake, kenako muizule ndi dothi lake. Njira ina, imene ine ndimaikonda kwambiri chifukwa siifuna malo atsopano, ndi kumezanitsa kanthambi ka mtengo waukazi pa mtengo wanu womwewo, n'kusiya nthambi zina zaumuna kuti zizipereka mungu. Bungwe la ICRAF, lofufuza za ulimi wa mitengo, linagwira ntchito yomezanitsa mitengo ya zipatso zakutchire monga masuku ku Makoka, ku Zomba, ndipo zinaoneka kuti mtengo womezanitsa umayamba kubala msanga kuposa wofesa. Alangizi a zankhalango a m'dera lanu angakuonetseni kadulidwe ndi kamangidwe kake.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kufika pa 15 April, koma ku Salima musadikire kumapeto, chifukwa dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja limauma msanga mvula ikangodula. Kumbani dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi ndi manyowa owolerana, ndipo mupewe malo a dambo odikha madzi. M'chaka choyamba thirirani m'miyezi ya September mpaka November, muphimbire pansi ndi udzu koma usakhudze tsinde, kuopa kuitana chiswe. Mbuzi siziopa minga ya kamtengo kanthete, choncho mpanda ndi wofunika, ndipo mulambule mozungulira moto wolusa usanayambe. Mtengo ukayoyola masamba m'chilimwe musadandaule, ndi chikhalidwe chake.

Potengulira, chotsani mphukira zochuluka za pansi ndi nthambi zopingasana zokha, mutavala kanthu m'manja chifukwa minga yake ndi yaitali. Zipatso zikadzabwera, muzidikire zide n'kufewa, ndipo muzizifikisa m'manja musanadye kuti zisakhakhalitse lilime.